Nthaka ya ku Coon Creek

Dziko la United States of America ndi lalikulu ndithu, ndipo linagawidwa m'zigawo 50. Zigawozo zinagawidwanso m'madera ang'ono-ang'ono onga maboma a m'Malawi, amene eni dziko amawatcha County. Cha kumpoto kwa dzikolo kuli chigawo cha Wisconsin, ndipo kumadzulo kwa chigawocho, m'mphepete mwa mtsinje waukulu wa Mississippi, kuli dera la alimi lotchedwa Vernon County. Likulu lake liri pa Viroqua.

M'dera limeneli muli mtsinje waung'ono dzina lake Coon Creek. Magwero ake ali m'mapiri a Vernon County ndi a madera awiri oyandikana nalo, Monroe County ndi La Crosse County. Mtsinjewo upyola pa midzi ya Coon Valley ndi Chaseburg, nukathira mu Mississippi pafupi ndi mudzi wa Stoddard. Malo onse amene madzi ao amatsikira mu Coon Creek akwana maekala ngati 92,000.

Mtsinje umenewu ndi wochepa, koma mbiri yake inamveka kutali. M'chaka cha 1933 Boma la America linasankha chigwa chake kukhala malo oyamba m'dziko lonse oyeserapo kupulumutsa nthaka ya chigwa chathunthu, kuyambira pamwamba pa phiri kufikira kudambo, Boma ndi alimi atathandizana. Mbiri ya chigwachi ionetsa zimene ndalama za Boma zingathe kuchita pa munda wa munthu, ndiponso pamene mphamvu ya ndalamazo ithera.

Eni dziko ndi alendo

Kale-kale dzikoli linali la anthu a mtundu wa Ho-Chunk. Iwo ankasaka nyama, kugwira nsomba ndi kulima chimanga, nyemba ndi maungu m'minda yaing'ono. M'chaka cha 1837 Boma la America linawaumiriza kubvomera pangano lowalanda malo ao onse a kum'mawa kwa Mississippi, ndipo ambiri a iwo anasamutsidwa asakufuna. Cha m'ma 1850 m'chigwamo munayamba kufika alendo ochokera ku Ulaya, makamaka ku Norway ndi ku Germany.

Alendowo anapeza dziko la zitunda ndi zigwa. Pamwamba pa zitunda panali malo abwino kulima; m'mbali mwake munali motsetsereka kwambiri; ndipo kunsi kunali madambo ndi timitsinje ta madzi ozizira, oyera mbee, momwe munali nsomba zotchedwa trout. Nthaka ya pamwamba inali yofewa ngati ufa, yokoma kulima, koma yosachedwa kutengedwa ndi madzi ikakhala pambalambanda.

Poyamba alendowo analima tirigu chaka ndi chaka pa munda umodzimodzi, popeza ndiye anali ndi msika. Patapita zaka 20 kapena 30 nthaka inaguga, tizilombo tinalowa m'tirigu, ndipo alimi anatembenukira ku ng'ombe za mkaka, chimanga ndi fodya. Fodya wa ku Vernon County ankapangira ndudu zazikulu zokulunga ndi masamba. Kwa mabanja ambiri iyeyu ndiye anali mbeu ya ndalama, yolipirira msonkho ndi ngongole ya munda.

M'mene nthaka inathawira

Zinthu zitatu ndizo zinaononga chigwacho. Choyamba, Boma poyesa malo linalemba malire oongoka, niligawa dziko m'minda ya ngodya zinai, osasamala kumene phiri lapendekera. Mlimi polima ndi pulawo ya akavalo ankatsata malire a munda wake, kukwera ndi kutsika phiri. Motero mzere uli wonse unasanduka ngalande ya madzi a mvula. Chachiwiri, anthu atachuluka anadula mitengo ndi kulima ngakhale malo otsetsereka amene sanayenera kuona pulawo. Chachitatu, ng'ombe zitachuluka, eni ake anayamba kuzidyetsa m'nkhalango za m'mbali mwa mapiri. Ng'ombezo zinadya udzu ndi timitengo tophuka kumene, ndipo ziboda zao zinapondereza nthaka mpaka inalimba ngati bwalo. Nkhalango imene kale inkamwa madzi ochokera pamwamba tsopano inangowalola kupyola.

Mvula ikagwa, madzi ankayambira m'minda ya pamwamba, nathamanga m'mbali mwa phiri, nakumba zigwembe zakuya zoti munthu ataima m'kati saoneka. Matope ndi miyala zinkatsikira m'minda ya kudambo, m'misipu ndi pa miseu. Pa Chaseburg dziwe loyendetsa chigayo cha madzi linadzala matope. Pa malo ena pansi pa chigwa panakwera koposa msinkhu wa munthu, kotero kuti miseu yakale ndi milatho zinakwiririka. Mtsinje unakhala wotakata, wosaya ndi wamatope, ndipo nsomba zija zinasowa.

Chowawa koposa chinali chakuti mlimi wa kunsi sakanatha kudzipulumutsa yekha. Ngakhale akadasamala munda wake motani, madzi omuononga ankachokera kwa mnzake wa kumtunda. Wa kumtundayo naye sanali kuona bwino chimene analikutaya, pakuti nthaka ya pamwamba imachoka pang'ono-pang'ono, monga madzi a mu mtsuko wong'aluka. Mwini wake amadzazindikira pamene zokolola zachepa ndipo dothi lofiira la pansi laonekera.

Chaka cha 1933

M'chaka cha 1929 chuma cha America chinagwa. Mabanki ambiri anatsekedwa, mafakitale anaima, ndipo anthu mamiliyoni ambiri anachotsedwa nchito. Mitengo ya mkaka, chimanga ndi fodya inatsika kotero kuti alimi ambiri analephera kubweza ngongole, nalandidwa minda yao. M'mwezi wa Malichi 1933 Franklin D. Roosevelt anakhala Pulezidenti, ndipo Boma lake linatsimikiza kutulutsa ndalama za dziko kuti anthu apeze nchito ndi kuti alimi aimenso pa miyendo yao.

Pa nthawiyo panali munthu wina wa Boma, wopima nthaka, dzina lake Hugh Hammond Bennett. Iye anabadwa m'chaka cha 1881 ku Anson County m'chigawo cha North Carolina, pa munda wa thonje, ndipo anakula alikuona nthaka ikukokoloka. Kwa zaka zambiri anayenda m'dzikomo kupima nthaka, nachenjeza akulu a Boma kuti chuma chimene iwo ankachiyesa chosatha chinalikupita ku nyanja. M'chaka cha 1928 analemba kabuku ka Boma kofotokoza za ngoziyo. Mu Sepitembala 1933 Boma linakhazikitsa nthambi yatsopano yotchedwa Soil Erosion Service, ndipo Bennett anaikidwa kukhala mkulu wake. Nthambiyo inapatsidwa madola 5 miliyoni oyambira nchito.

Akulu ena anafuna kuti ndalamazo zithere pa kukumba milambala yokha. Bennett anakana. Iye anaona kuti mlambala pa wokha sungachiritse munda ngati nkhalango ya pamwamba pake yatha, msipu wadyedwa mpaka pansi, ndipo mbeu ndi imodzimodzi chaka ndi chaka. Maganizo ake anali osankha zigwa zingapo m'dzikomo, kugwiramo nchito zonse pamodzi, ndi kuitana alimi a kwina kuti adzaone ndi maso ao.

Pafupi ndi mzinda wa La Crosse panali kale munda wa Boma woyeserapo za kukokoloka kwa nthaka, ndipo woyang'anira wake anali Raymond H. Davis. Iyeyu pamodzi ndi aphunzitsi a pa Yunivesite ya Wisconsin anapempha kuti Coon Creek ikhale m'gulu la zigwazo. Mmodzi wa aphunzitsiwo anali Aldo Leopold, katswiri wa nkhalango ndi nyama za kuthengo. Pempho lao linabvomerezedwa chakumapeto kwa 1933, ndipo chigwacho chinalembedwa nambala 1.

Pangano la zaka zisanu

M'chigwamo munali alimi ngati 800, ndipo palibe amene anakakamizidwa kulowa. Alangizi ankapita pa khomo la munthu, nayenda naye m'munda mwake monse, kuona pamene patsetsereka, pamene payamba chigwembe, ndi kumene ng'ombe zimadya. Atatero ankajambula mapu a mundawo ndi kupangana naye chimene chidzakhale pa malo ali onse. Mlimi akabvomera, ankalemba dzina lake pa pangano la zaka zisanu.

Pa panganolo mbali iri yonse inasenza katundu wake. Boma linapereka mbeu, feteleza, laimu, waya wa mpanda, mbande za mitengo, ndi anthu ogwira nchito zolemera. Mlimi anapereka munda wake, akavalo ake, thukuta lake, ndi lonjezo lakuti adzatsata mapu aja kwa zaka zisanuzo.

Poyamba ambiri anakayika. Ena anaopa kuti munthu akalemba dzina lake pa pepala la Boma, mawa lake Bomalo lidzamlanda munda. Ena sanakondwere kuti anyamata a kusukulu adzaphunzitse kulima anthu amene anakulira pa pulawo. Koma inali nthawi ya umphawi, ndipo feteleza waulere ndi mpanda waulere sizinali zinthu zozikana msanga. Oyamba atalowa, anzao anasuzumira pa malire, naona msipu wobiriwira. Potsiriza pake alimi 418 analowa m'pangano, ndi minda yokwana maekala ngati 40,000.

Anthu ogwira nchito zolemera aja anali anyamata a gulu la Civilian Conservation Corps, limene Boma la Roosevelt linayambitsa mu 1933 kuti lipatse nchito anyamata osowa pogwira. Iwo ankagona m'misasa, nalandira chakudya, zobvala ndi madola 30 pa mwezi; ndipo mwa ndalamazo madola 25 ankatumizidwa kwa makolo ao. Msasa wina unamangidwa pa Coon Valley mu 1934. Motero ndalama imodzimodziyo inagwira nchito patatu: inadyetsa mnyamata, inathandiza banja lake kwao, ndipo inatseka chigwembe m'munda wa mlimi.

Nchito ya m'minda

Nzeru yaikulu ya mapu aja inali yakuti malo ali onse apatsidwe nchito yoyenera kupendekeka kwake. Malo otsetsereka kwambiri anatchingidwa ndi mpanda kuti ng'ombe zisalowe, ndipo munabzalidwa mitengo. Malo otsetsereka pang'ono anakhala msipu wosalimidwa. Chimanga ndi fodya zinatsala pa malo osapendekeka kwambiri.

Pa malo olimawo mizere inatembenuzidwa kuti izungulire phiri mopingasa. Munda unagawidwa m'ndime zazitali, zopapatiza, zopingasa phiri: ndime ya chimanga kapena fodya, ndipo kunsi kwake ndime ya alfalfa. Alfalfa ndi chomera cha mtundu wa nyemba chimene alimi amamweta ndi kuumitsa, kuti ng'ombe zidye m'nyengo ya chisanu, pamene dziko lonse lakutidwa ndi chipale ndipo kunja kulibe msipu. Chomerachi chimamera mothithikana ndipo mizu yake imalowa pansi kwambiri. Madzi akachoka m'ndime ya chimanga atanyamula dothi, amafika mu alfalfa, nachepa liwiro, nasiya dothilo pomwepo. Pakapita zaka zingapo ndimezo amazisinthanitsa, ndipo chimanga chimapeza chonde chimene alfalfa wasiya.

Koma alfalfa samera bwino pa nthaka yosowa laimu, ndipo nthaka ya kumeneko inali yotero. Mwamwai mapiri omwewo ali ndi miyala ya laimu. Miyalayo inaphwanyidwa ndi kuperedwa, ndipo ufa wake unamwazidwa m'minda. Anyamata a m'msasa aja anakumbanso milambala, anamanga zotchinga za miyala ndi mitengo m'zigwembe, nabzala misondodzi m'magombe a mtsinje. M'ngodya za minda munasiyidwa zitsamba kuti mbalame zipeze chakudya ndi pobisala. Imeneyi ndiyo mbali imene Leopold anaiikira mtima.

Pa chinthu chimodzi alimi anaona phindu msanga. Alfalfa anachulukitsa chakudya cha ng'ombe, ndipo ng'ombe yokhuta ndiyo imadzaza chidebe. Mlimi amene kale ankabvutika kupeza udzu wouma wa m'chisanu anayamba kukhala ndi wake wokwanira.

Thumba lachiwiri la Boma

Chithandizo cha Boma kwa alimi a ku Vernon County sichinadzere njira imodzi yokha. Mu Meyi 1933 Nyumba ya Malamulo ya America inapanga lamulo lotchedwa Agricultural Adjustment Act. Maganizo ake anali akuti mitengo ya zokolola yagwa chifukwa zokololazo zachuluka koposa ogula. Tsono Boma linayamba kulipira alimi kuti achepetse tirigu, thonje, chimanga, nkhumba ndi fodya. Ndalama zolipirira zinkachokera ku msonkho wa makampani ogaya ndi kukonza zokololazo. Koma mu Januwale 1936 Bwalo Lalikulu la milandu linagamula kuti lamulolo linali losemphana ndi malamulo aakulu a dziko.

M'zaka zomwezo m'zidikha za pakati pa America munagwa chilala choopsa. Minda ya tirigu inauma, ndipo mphepo inanyamula nthaka m'mitambo ya fumbi imene inafika mpaka ku likulu la dziko, ku Washington. Aphungu ataona fumbilo anamvera mau a Bennett. Pa 27 Epulo 1935 lamulo latsopano linakhazikitsa nthambi yake kuti ikhale yachikhalire, dzina lake Soil Conservation Service, pansi pa Unduna wa za Malimidwe.

Tsono pamene Bwalo Lalikulu linagwetsa lamulo la mitengo ya zokolola lija, Boma linapeza khomo lina. Mu Febuluwale 1936 linapanga lamulo lolipira mlimi akachepetsa mbeu zogugitsa nthaka, nabzala udzu ndi zomera za mtundu wa nyemba m'malo mwake. Mbeu zogugitsa nthakazo zinali zomwe zija zinachuluka pa msika. Kuyambira pamenepo ndalama zosungira nthaka ndi ndalama zokwezera mitengo ya zokolola zinayamba kuyendera pamodzi. Ndipo monga kudzaonekera m'tsogolomu, pamene msika unafuna zokolola zambiri, mbali ya nthaka ndiyo inachepa mphamvu.

Bennett anadziwa kuti Boma silingathe kuika msasa wa anyamata m'chigwa chiri chonse. Chifukwa chake mu 1937 Roosevelt analembera abwanamkubwa a zigawo zonse kuti apange malamulo olola alimi kukhazikitsa mabungwe osunga nthaka, otsogozedwa ndi anthu a m'deramo. Bungwe loyamba linakhazikitsidwa chaka chomwecho kwao kwa Bennett ku Anson County. Wisconsin nayo inapanga lamulo lake mu 1937. M'kupita kwa nthawi mabungwe otere anafika pafupi-fupi 3,000 m'dziko lonse.

Chidandaulo cha Leopold

Aldo Leopold, amene anathandiza kuyambitsa nchito ya ku Coon Creek, sanakhutire ndi zotsatira zake. Iye anamwalira mu 1948, ndipo buku lake lotchedwa A Sand County Almanac linatuluka mu 1949. M'menemo anadandaula kuti zaka zisanu za pangano zitatha, alimi ambiri a mbali imeneyo ya Wisconsin anasunga njira zokhazo zimene zinawabweretsera ndalama msanga, nasiya zimene phindu lake linali la mudzi wonse. Kuthira laimu ndi kulima ndime zopingasa kunapita m'tsogolo. Koma kutchinga nkhalango kuti ng'ombe zisalowe ambiri sanakusamale. Anaonanso kuti lamulo la 1937 linapatsa alimi mphamvu yodzipangira malamulo a kasungidwe ka malo, koma patapita zaka 10 panalibe dera limene linalemba lamulo ngakhale limodzi.

Akulu akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mlimi wokhala ndi ngongole amayang'ana za chaka chino, ndipo madzi amene adzasefukire kwa mnzake wa kunsi salembedwa m'buku lake la ndalama. Boma linatha kugula waya ndi mbande. Silinathe kugula mtima wosamala mnansi.

Komabe Leopold sanaone mapeto a nkhaniyi. Ndime zopingasa zinafalikira m'mapiri a Vernon County ndi madera ozungulira, ngakhale kwa alimi amene sanalembe pangano, pakuti anaona phindu lake kwa anzao. Chimene chinayamba ndi ndalama za Boma chinasanduka chizolowezi, ndipo ana anachiphunzira kwa atate ao.

Kumene kunalibe pangano

Si kuli konse kumene Boma linapita ndi pempho monga linachitira ku Coon Creek. M'zaka zomwezo za m'ma 1930, kumwera cha kumadzulo kwa America, Boma lomwelo linagamula kuti nkhosa ndi mbuzi za anthu a mtundu wa Navajo zachuluka ndipo zirikuononga nthaka. Ziweto zambiri-mbiri zinagulidwa pa mtengo wochepa kapena kuphedwa, eni ake asakufuna, ndipo mabanja ambiri anasauka.

Mbiri ya fumbi la ku America ndi ya nchito ya Bennett inafikanso kwa akulu a maboma a atsamunda mu Africa, ndipo inawachititsa mantha. Ku Nyasaland, dziko limene tsopano ndi Malawi, lamulo la 1946 linapereka mphamvu yokakamiza alimi kulima mizere yopingasa ndi kukumba milambala. Nchito imeneyi anthu ankaitcha malimidwe. Inakula mphamvu m'nthawi ya Bwanamkubwa Geoffrey Colby, amene analamulira kuyambira 1948 mpaka 1956. Wolephera kutsata ankalipitsidwa kapena kumangidwa, ndipo nthawi zina mbeu zake zinkazulidwa. Mu 1953 Inkosi Gomani II a ku Ntcheu anachotsedwa pa mpando atauza anthu ao kuti asamvere malamulowo, posonyeza kukana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Kukakamizako kunatha chitapita chisankho cha 1961.

Nzeru ya mzere wopingasa inali yomweyo ku Coon Creek ndi ku Ntcheu, ndipo madzi amaumvera mofanana kuli konse. Chosiyana chinali kafikidwe kake. Mlimi wa ku Coon Creek anali mwini munda wokhala ndi voti. Anafunsidwa, napatsidwa zipangizo ndi omthandiza, ndipo anali ndi ufulu wokana. Mlimi wa ku Nyasaland analandira lamulo lokha, ndipo nchito yonse inagwera khasu lake.

Zaka zotsatira

Ku Vernon County chithandizo cha Boma chinapitirira, koma chinkasintha malinga ndi ndale ndi msika. Lamulo la 1954 linapereka ndalama zomangira madamu oletsa madzi osefukira, ndipo m'ma 1960 madamu a dothi anamangidwa ku magwero a Coon Creek ndi a mitsinje yoyandikana nayo. Mu 1956 Boma linayamba kulipira alimi a m'dziko lonse kuti apumitse minda ina. Koma mu 1972 dziko la Soviet Union linagula tirigu wambiri ku America, mitengo ya zokolola inakwera, ndipo Nduna ya za Malimidwe, Earl Butz, inalimbikitsa alimi kulima malo onse kufikira pa mpanda. M'madera ambiri a America malo amene anapumitsidwa analimidwanso.

Mitengo itagwanso, lamulo la 1985 linayambitsa Conservation Reserve Program. Pa dongosolo limeneli Boma linalonjeza kulipira mlimi chaka ndi chaka, kwa zaka 10 mpaka 15, akasiya malo osachedwa kukokoloka kuti pakhale udzu kapena mitengo. Lamulo lomwelo linanenanso kuti wolima malo otsetsereka popanda mapu osungira nthaka adzataya chithandizo china cha Boma. Mu 1994 nthambi ya Bennett inasinthidwa dzina kukhala Natural Resources Conservation Service. Mu 2004 Boma linathetsa dongosolo logawira alimi mlingo wa fodya ndi kuchirikiza mtengo wake, limene linayamba m'ma 1930. Fodya wa ku Vernon County anachepa kwambiri, ndipo zigafa zambiri zinatsala zopanda kanthu.

Nanga nthaka inapulumuka kodi? Katswiri wina wa za mitsinje, Stanley Trimble, anayesa matope a m'chigwa cha Coon Creek kwa zaka zambiri, nafanizira ndi miyeso imene inalembedwa m'ma 1930. Mu 1999 anafalitsa zimene anapeza: pakati pa 1975 ndi 1993 matope ounjikana m'chigwamo pa chaka sanafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 a matope amene ankaunjikana m'ma 1930. Madzi a mvula anayambanso kulowa pansi, akasupe anatuluka, mtsinje unazizira, ndipo nsomba za trout zinabwerera, kotero kuti alendo anayamba kubwera kuchokera kutali kudzawedza.

Koma bvuto lina linadza mwakachetechete. Alimi ang'ono-ang'ono a mkaka anayamba kuchepa. Kumene kulibe ng'ombe alfalfa alibe nchito, ndipo malo ake anatengedwa ndi chimanga ndi soya. Makina aakulu olimira sayenda bwino m'ndime zopapatiza, motero pa minda ina ndime zimene agogo anazilemba zinafafanizidwa.

Chigumula cha 2018

Usiku wa pa 27 Ogasiti 2018 kunagwa mvula yoopsa, yoposa mainchesi 10 pa malo ena. Madamu asanu mwa madamu a dothi aja anagumuka, atatu m'chigwa cha Coon Creek ndi awiri m'chigwa choyandikana nacho cha West Fork Kickapoo. Madzi analowa m'nyumba pa Coon Valley ndi pa Chaseburg, naononga milatho, miseu, mipanda ndi mbeu. Akatswiri a Boma atafufuza analangiza kuti madamu a mtunduwo m'zigwa ziwirizo aphwasulidwe pafupi-fupi onse, popeza kuwamanganso kukanadya ndalama zoposa phindu lake.

Pamenepo anthu a m'chigwamo anakumbukira phunziro la 1933, lakuti madzi agwidwe pamene agwera, pamwamba pa chitunda, asanayambe liwiro. Mu 2021 anakhazikitsa bungwe lao lotchedwa Coon Creek Community Watershed Council. Anayamba kusonkhana m'minda ya anzao, wa kumtunda ndi wa kunsi pamodzi, kuonetsana ndime zopingasa, msipu, ndi mbeu zophimba nthaka. Nthawi imeneyi pempho silinachokere ku Washington. Linachokera kwa eni minda.

M'mbali mwa mseu pafupi ndi Coon Valley munaikidwa chikwangwani chokumbutsa apaulendo kuti nchito yoyamba yosunga nthaka ya chigwa chathunthu m'dziko la America inachitikira pamenepo. Mbiri yake yonse sikwana pa chikwangwanipo. Popanda feteleza, waya ndi anyamata a Boma, alimi osauka a mu 1933 sakadatha kutseka zigwembe zao. Popanda kufunsidwa, sakadaiyesa nchitoyo yao. Ndipo pangano litatha, chimene chinatsala m'minda ndi chokhacho chimene alimi anachilandira ndi mtima wao, nachiphunzitsa ana ao. Mutu umodzi susenza denga. Chigwa nacho sichisungidwa ndi Boma lokha kapena ndi mlimi mmodzi, pakuti madzi ogwa pa munda wa kumtunda amakagona pa munda wa kunsi.